Malo ogona a pakati pa Nchalo ndi Ngabu: mmene anatilandirira ndi njinga zamoto 26

Gulu lathu la okwera njinga zamoto limakhala ndi ulendo waukulu umodzi pa chaka, ndipo pa misonkhano yokonzekera ulendowo palibe nkhani imene imadya nthawi kuposa ya komwe tikagone. Zaka za m'mbuyomu tinkangozungulira malo amene aliyense amawadziwa, monga kunyanja ku Mangochi, m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi ku Zomba, mpaka anzathu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje anadandaula kuti iwo ndiwo amakwera chitunda chaka ndi chaka kudzakumana nafe, pamene ife sitinatsikeko n'kamodzi komwe kukaona kwawo. Dandaulolo linali lomveka, choncho komiti inatuma ine ndi mnzanga wina kuti tikafufuze malo ogona ku Chigwa cha Shire. Tinayendera malo anayi, n'kusankha amene ali pakati pa Nchalo ndi Ngabu, kamtunda pang'ono kuchokera pa msewu waukulu wa M1, ndipo gulu linagonako masiku awiri ndi njinga zamoto 26 komanso galimoto imodzi yonyamula katundu. Dzina la malowo ndalisiya dala, popeza zina zimene ndidandaule pano eni ake analonjeza kuzikonza, ndipo sindikufuna kuti mawu anga adzawatsatebe iwo atakonza kale.

Tisanagwirizane za malo tinayamba takangana za mwezi. Ena ankafuna tchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, chifukwa misewu imakhala youma ndipo ambiri amapeza mpata kuntchito. Anzathu a kuchigwa anangoseka. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wovala jekete yokhuthala, magolovesi ndi chipewa chodzitetezera kumutu amatha mphamvu asanazindikire kuti madzi amuthera m'thupi. Njinga zathu zambiri ndi zazing'ono, za 125cc ndi 150cc, zimene injini yake imazizira ndi mphepo yokha, kotero kuti zikamayenda pang'onopang'ono pamzere m'dzuwa lotero zimatentha mpaka mphamvu kuchepa. Za nyengo ya mvula panalibe wotsutsa, chifukwa tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Ana anadulira msewu wa M1 m'boma la Chikwawa ndi kuononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, komanso zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023. Ngakhale mvula wamba ndi yokwanira kusandutsa dothi la makande la m'dera la Ngabu kukhala loterera ngati sopo. Tinagwirizana za sabata ya pa 6 Julayi, pamene kuchigwa kumakhala kotentherako masana koma kozizira bwino usiku ndi m'mawa.

Chimene chinandichititsa kukhulupirira amayi oyang'anira malowa chinachitika tsiku limene tinapita kukafufuza. M'malo ena atatu aja, titanena kuti tikubwera anthu oposa makumi awiri, anathamangira kutionetsa zipinda ndi makanema a pakhoma. Amayiwa anayamba afunsa kuti njingazo zikhala zingati, zazikulu ndi zingati, ndiponso ngati tidzafika tonse nthawi imodzi. Kenako anatitengera kuseri kwa nyumba n'kunena kuti, "Abambo, anthu anu akhoza kugona ngakhale pamphasa akatopa, koma njinga imodzi ikasowa kuno dzina langa latha." Munthu amene sanayendepo ndi gulu akhoza kudabwa kuti ndikuyamikira bwalo ndisanatchule za bedi, koma wokwera njinga yamoto sagona tulo ngati sakudziwa pamene njinga yake yagona, makamaka masiku ano pamene kuba njinga zamoto kwachuluka chifukwa cha malonda a kabaza.

Bwalolo ndi lalikulu, lozunguliridwa ndi mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu, ndipo lili ndi geti limodzi lokha, lotambalala mokwanira kuti njinga ziwiri zilowe mogundizana mapewa. Geti lotere ndi lofunika kwambiri kwa gulu, chifukwa njinga zikachulukana panja podikira kulowa imodziimodzi, za kumbuyo zimaima m'njira ya anthu, ana amakhamukira pomwepo ndipo ngozi imakhala pafupi. Mkati muli mitengo ikuluikulu ya nimu imene imapereka mthunzi kuyambira chakum'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo njinga zonse 26 zinakwana pansi pake popanda ina yotsala padzuwa. Dothi la pabwalopo ndi lofewa, la mchenga, moti mwendo woimikira njinga umatitimira pang'onopang'ono mpaka njingayo kugwa yokha usiku. Amayi aja anali atakonzeratu timatabwa todulidwa bwino, kamodzi pa njinga iliyonse, kuti tiike pansi pa mwendowo. Ndayenda m'malo ambiri okwera mtengo kuposa awa, koma sindinapezepo amene anaganizira kanthu kakang'ono chotere ife tisanapemphe.

Alonda anali awiri usiku uliwonse, ndipo wamkulu wa iwo, bambo wachikulire wolankhula Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja, analemba nambala ya njinga iliyonse m'kope, pambali pa dzina la mwini wake. Usiku woyamba mmodzi wa anyamata athu anabwereka njinga ya mnzake kuti akagule mayunitsi a foni pa Nchalo, ndipo bamboyo anakana kutsegula geti kufikira mwini njingayo atadzutsidwa n'kuvomera ndi pakamwa pake. Mnyamatayo anakwiya, koma ife akuluakulu tinakondwa, ndipo m'mawa mwake tinasonkha kangachepe n'kupatsa alondawo. Bamboyo analandira ndi manja awiri n'kuti, "Takhuta, ana anga." Chosowa pabwalopo ndi kuwala, popeza pali nyali imodzi yokha yoyendera mphamvu ya dzuwa, imene imafika pakati pa usiku itayamba kale kuzilala, ndipo ngodya ya kumadzulo imakhala mumdima.

Ulendo wopita kumeneko uyenera kuwerengedwa posankha malo, chifukwa theka la chisangalalo cha tsikulo lili mumsewu. Kuchokera ku Blantyre, mzinda umene uli pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, msewu wa M1 umatsika mokhotakhota mpaka kuchigwa kumene malo ambiri safika n'komwe mamita 100, ndipo pamakona ena munthu amaona mtsinje wa Shire ukunyezimira pansi ndi minda ya nzimbe itabiriwira kutali. Kukongolako n'kumene kumapusitsa okwera atsopano. Pamtsetse wautali chotere, amene amadalira mabuleki okha amawatenthetsa mpaka kusiya kugwira, makamaka pa njinga za mabuleki obisika m'chitsulo cha pakati pa tayala (drum brakes) zimene zanyamula anthu awiri, choncho tinalamula aliyense kutsika ndi giya yaing'ono kuti injini izithandiza kuchepetsa liwiro, ndiponso kusiya mpata waukulu pakati pa njinga ndi njinga. Malole olemera amatsika msewu womwewo pang'onopang'ono, ndipo kuwapitirira pakona ndi kudziitanira maliro. Tinagawa gulu m'magulu atatu, n'kukumananso pa Thabwa tisanaoloke mlatho wa Kamuzu. Apolisi apamsewu anationa ziphaso, inshuwalansi ndi zipewa, ndipo popeza tinali titaonetsetsa zimenezi tisananyamuke, sitinachedwe.

Kuchokera pamlatho kudutsa pa Dyeratu mpaka Nchalo msewu ndi wosalala ndi woongoka, koma uli ndi zovuta zake za kuchigwa: njinga zakapalasa zonyamula makala ndi matumba, ngolo za ng'ombe, mbuzi zodumpha mosayembekezereka, ndi magalimoto onyamula nzimbe, popeza Julayi ali mkati mwa nyengo yodula nzimbe ku minda ya Illovo. Amayi oyang'anira malo aja anatiimbira foni tili pa Dyeratu kutichenjeza kuti m'mudzi woyandikana nawo mwagwa maliro, ndipo anatipempha kuti tikaona nthambi zamasamba pamsewu tichepetse liwiro, tisaimbe mabelu ndiponso tisalize injini. Tinadutsa pamenepo mwakachetechete, ena atatsika n'kumakankha njinga, ndipo madzulo ake tinatuma anthu atatu kukapepesa ndi kachipepeso kochokera ku gulu. Mawa lake a mfumu anatumiza uthenga wothokoza. Chikhala kuti amayiwo sanaimbe foni ija, njinga 26 zikanalowa m'mudzimo ndi phokoso lonse, ndipo gulu lathu likanasiya mbiri yoipa imene anzathu okhala komweko akanaisenza okha ife titabwerera.

Pa za mafuta, malowa ali pabwino chifukwa pa Nchalo ndi pa Ngabu pali malo omwetsera petulo, ndipo onse awiri ali pafupi. Komabe amene wakhala m'Malawi muno zaka zaposachedwapa akudziwa kuti kukhala ndi malo omwetsera mafuta sikutanthauza kuti mafutawo alipo. Ife tinadzaza matanki ku Blantyre ndipo tinanyamula zigubu zina m'galimoto ya katundu, zimene amayi aja anatilola kusunga m'kanyumba kapadera kutali ndi khitchini. Anatipezeranso makaniko wa pamsika, mnyamata wozolowera njinga za kabaza, amene anabwera m'mawa ndi zida zake n'kukhala pansi pa mtengo. Anamata machubu anayi obooledwa ndi minga, anakungitsa matcheni angapo, ndipo anakonza waya wa kilatchi umene unaduka. Njinga ziwiri zazikulu za anzathu anakana kuzigwira, n'kunena mosabisa kuti zamagetsi zake sazidziwa, ndipo ine ndinamulemekeza chifukwa cha kukana kumeneko. Amene ali ndi njinga zazikulu azinyamula okha zipangizo zosinthira, popeza m'misika ya kuchigwa mumapezeka kwambiri za njinga zazing'ono.

Chakudya chinali chabwino kuposa mmene tinkayembekezera. Tinapempha dala kuti asatiphikire tchipisi ndi nkhuku zimene timadya kulikonse, ndipo usiku woyamba anatipatsa nsima ya mapira ndi mlamba wowamba wothira tomato, pamodzi ndi makakana okazinga, nsomba zochokera m'madambo a Shire. Usiku wachiwiri anapha mbuzi ziwiri, ina yootcha ndi ina yamsuzi, ndipo amene amadziwa nyama ya kuchigwa, kumene ziweto ndi chuma chachikulu cha anthu, sangadabwe kuti mbale zinabwerera zoyera. Masana ankatipatsa thobwa lozizira ndi madzi a malambe. Ndiyamikirenso kuti anasunga nthawi, chifukwa gulu likanena kuti linyamuka 7 koloko m'mawa limafuna kuti tiyi ndi mbatata zikhale patebulo 6 koloko, ndipo masiku onse awiri zinali choncho. Chodandaulitsa chokha n'chakuti ophika anali awiri basi, moti omaliza kulandira nsima ankailandira oyamba atasamba kale m'manja.

Tsopano ndifike pa zimene sizinayende bwino, ndipo choyamba ndi zipinda. Tinalipiriratu theka la ndalama za zipinda 14 mwezi wathunthu tisanapite, koma titafika tinapeza kuti zitatu mwa izo mukugona anthu a msonkhano wina umene unatalika ndi tsiku limodzi. Amayi aja anapepesa kwambiri n'kufotokoza kuti mwini malowo ndiye analola alendowo kukhalabe iwo asakudziwa, ndipo anayala matiresi m'chipinda chochitira misonkhano, n'kuchotsera pa bilu ndalama za zipinda zitatuzo usiku umenewo. Anthu asanu ndi mmodzi anagona pansi, ena a iwo abambo a zaka zoposa 50 amene anali atayenda tsiku lonse. Kupepesako tinakulandira, koma cholakwacho ndi chachikulu ndithu, chifukwa gulu likafika madzulo pamalo ngati amenewa lilibe kwina kothawira, ndipo kuyenda usiku pa msewu wa kuchigwa ndi njinga zamoto sitingakulole. Mbali ina ya vutoli ndi yanga, popeza ndinakhutira ndi lonjezo la pakamwa ndi uthenga wa pafoni wosonyeza kuti ndalama zalandiridwa, osapempha kalata yotchula manambala a zipinda ndi masiku ake.

Zipinda zenizenizo ndi zapakatikati: zaukhondo, zokhala ndi fani ya kudenga ndi masikito pabedi lililonse. Masikito awiri anali obooka, ndipo kuchigwa, kumene udzudzu sutheratu ngakhale m'nyengo yozizira, bowo limodzi ndi lokwanira kubwerera kunyumba ndi malungo. Titanena, anasintha nthawi yomweyo.

Vuto lenileni ndi madzi. Malowa amadalira mjigo wokhala ndi pampu yamagetsi imene imakweza madzi m'thanki imodzi, ndipo thankiyo inapangidwira alendo ochepa ofika nthawi zosiyanasiyana. Ife tinafika tonse pamodzi, fumbi lili thupi lonse, aliyense akufuna kusamba, ndipo munthu wa khumi ndi chiwiri asanamalize, mipopi inauma. Magetsi anali atazima, ndipo jenereta yawo yaing'ono siikwanitsa kuyendetsa pampu, mafiriji ndi mafani nthawi imodzi, choncho anayenera kusankha. Otsalawo anasamba madzi a m'ndowa amene atsikana ogwira ntchito anatunga pamutu kuchokera ku mjigo wa m'mudzi, ntchito imene inatimvetsa chisoni mpaka anyamata athu anatenga zigubu n'kukathandiza ndi galimoto ya katundu. Madzi a pamalopo ndi amchere pang'ono, monga mmene zilili ndi mijigo yambiri ya m'chigwachi, moti sopo sachita thovu bwino ndipo osazolowera amavutika kumwa. Madzi akumwa a m'mabotolo amene anali m'sitolo yawo anatha usiku woyamba womwewo. Gulu lililonse lofuna kupita kumeneko linyamule madzi ake akumwa okwanira, ndipo ligwirizane ndi eni malo kuti adzaze thanki ndi migolo ina masana gulu lisanafike.

Ubwino wina wa malowa, umene unapangitsa ambiri kuiwala za madzi, ndi wakuti ali pakati pa zonse zimene munthu angafune kuona m'chigwachi. Loweruka tinanyamuka m'mawa kulowera kumwera, kudutsa pa Ngabu, Sorgin ndi Bangula mpaka ku boma la Nsanje, kumene tinaima pa doko limene linatsegulidwa mu Okutobala 2010 m'nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, ndipo tinabwerako dzuwa lisanalowe popanda kuthamanga. Pa Bangula anzathu a komweko anationetsa mbali ya dambo la Elephant Marsh, limene linalowa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 2017. Poyamba tinkalingalira zozungulira, kutsika ndi M1 n'kubwerera ndi msewu wa kum'mawa kwa Shire wodzera ku Makhanga ndi Muona mpaka pa Thabwa, koma njira ya pakati pa Bangula ndi Chiromo inakokoloka ndi madzi mu 1997, ndipo anthu amaoloka pa Mtayamoyo ndi mabwato. Wakabaza mmodzi akhoza kukweza njinga yake m'bwato, koma palibe aliyense wa ife amene anafuna kuika njinga 26 pamadzi okhala ndi ng'ona ndi mvuu.

Nkhalango ya Lengwe, yodziwika ndi nyama zotchedwa nyala, ili pafupi ndi Nchalo, ndipo ya Majete, imene yakhala ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks kuyambira mu 2003, munthu amafikako akapatukira pa Dyeratu. Ku Majete kuli njovu, zipembere ndi mikango, imene inabwezeretsedwamo mu 2012, choncho nkhani yolowa m'nkhalangomo pa njinga zamoto sinakambidwe n'komwe. Anthu asanu ndi atatu amene ankafuna kuona nyama anasiya njinga zawo pabwalo lija Lamlungu m'mawa n'kupita pa minibasi imene amayi oyang'anira malo anawapezera, ndipo apa m'pamene mpanda ndi alonda aja anaonetsanso phindu lake, chifukwa anthu anachoka mitima ili m'malo. Ena anapitiriza mpaka ku mathithi a Kapichira, pamene David Livingstone analephera kupitirira ndi sitima yake mu 1859.

Mtengo wa zonse, kuphatikiza kugona, chakudya ndi alonda, unali wotsika poyerekeza ndi umene tinalipira kunyanja chaka chatha, ngakhale titawonjezera ndalama za madzi a m'mabotolo amene tinakagula pa Nchalo. Malowa ndingawavomereze kwa gulu la njinga zosapitirira 30, lopita pakati pa Juni ndi Ogasiti, lokhala ndi galimoto yonyamula madzi ndi mafuta, ndiponso limene lalemberana pangano ndi mwini malo weniweniyo, osati woyang'anira yekha. Kwa gulu lopita mu Okutobala, kapena lokhala ndi anthu amene sangapirire kusamba m'ndowa magetsi akazima, ndinganene kuti lifufuze kwina.

Pobwerera tinakumana ndi chiperoni pamwamba pa chitunda, nkhungu ndi kamvula kowaza, moti amene ananyoza majekete m'chigwa anafika ku Blantyre akunjenjemera. Pa msonkhano wotsatira anthu 19 mwa 26 anavomera kuti chaka chamawa tidzabwererenso komweko, ndipo komiti yandituma kuti mu Meyi ndikaone ndi maso anga ngati thanki yachiwiri imene amayi aja analonjeza yaimikidwa, tisanatumize ndalama iliyonse.